Phunziro la Zoimbaimba: Nsambo Zosalala za Gitala ya Besi

Ndifotokoza za gitala ya besi, makamaka nsambo zake. Oimba ambiri amangoti mawaya, koma ine ndizinena kuti nsambo monga mmene timawerengera m'buku la Masalimo. Gitala imeneyi ili ndi nsambo zinayi zokha, ndipo munthu woionera patali angaganize kuti njosavuta. Komatu aliyense amene anaiimbapo m'kwaya akudziwa vuto lake: nsambo zinayizo sizimveka mofanana. Yaikulu ija imangoti di! di! ngati mtondo wa kutsidya kwa mtsinje, pamene yaing'ono imakuwa ngati wina akumenya ndowa. Woimba akachoka pa nsambo ina kupita pa inzake, amene akhala kumbuyo kwa tchalitchi amamva ngati gitala yazima kenaka yayakanso.

Ena angafunse kuti kodi zimenezi zili ndi ntchito yanji kwa mnyamata wofuna unsembe. Yankho langa ndi ili. Pa nsembe ya Misa besi ndiyo imagwira nyimbo kunsi. Ndiyo imauza oimba liwu limene nyimbo yaimapo, ndiponso pamodzi ndi ng'oma imasunga liwiro. Besi ikasowa pakati pa ndime, anyamata a mau aakulu amayamba kupapasa, nyimbo imanka nitsika, pofika ndime yachitatu aliyense ali kwake. Ikakuwanso mopitirira muyeso, mau a nyimbo samveka. Eklezia analankhulapo pa nkhani ya zoimbira. Chikalata cha Sacrosanctum Concilium, chimene Msonkhano Waukulu Wachiwiri wa ku Vatican unatulutsa m'chaka cha 1963, chinalemekeza kwambiri limba lalikulu la mapaipi, koma chinalolanso zoimbira zina malinga akuluakulu a Mpingo m'deralo avomereza ndipo zikuyenerana ndi ulemu wa nyumba ya Mulungu. Malangizo a Musicam Sacram a m'chaka cha 1967 anaonjeza kuti zoimbira zizichirikiza mau a anthu, zisamawakwirire. Motero gitala yomwe nsambo ina ikubisala ina ikukuwa siikukwaniritsa ntchito yake, ngakhale woimbayo akhale katswiri wotani.

MITUNDU IWIRI YA NSAMBO

Nsambo ya besi si waya mmodzi ayi. Pakati pali waya wachitsulo wolimba, amene ndimutche mtima wa nsambo. Pamwamba pa mtimawo amakulungapo chitsulo china mozungulirazungulira kuti nsambo ilemere. Chokulungacho chikakhala waya wobulungira, nsambo imatuluka yokhakhala, ya timizeremizere, ndipo chala chikamatsetsereka pamenepo chimamveka kuti kwee! Opanga amazitcha roundwound. Chikakhala kalamba kachitsulo kophwatalala, kogundana bwino m'mbali ndi kopalidwa mpaka see, nsambo imatuluka yosalala ngati chogwirira cha supuni. Zimenezi amazitcha flatwound, ndipo ndizo mutu wa phunziro lathu.

Zosalala ndizo zinayamba. Leo Fender atatulutsa gitala yake yotchedwa Precision Bass m'chaka cha 1951 ku Fullerton, m'chigawo cha California ku America, anaiika nsambo zosalala. Cholinga chinali choti ilowe m'malo mwa chibesi chachikulu choimika pansi chija, chooneka ngati vayolini wamkulu, chimene chinali chovuta kunyamula komanso sichinkamveka bwino pakati pa malipenga ndi ng'oma. Kwa zaka zoposa khumi pafupifupi aliyense woimba besi yamagetsi ankaimba nsambo zosalala. M'chaka cha 1966 kampani ya Rotosound ya ku England, mothandizana ndi John Entwistle wa gulu la The Who, inakonza nsambo zokhakhala zimene zinatchuka kwambiri, ndipo pofika zaka za m'ma 1980 zokhakhala ndizo zinali ponseponse.

Koma zosalala sizinathe. James Jamerson, amene anaimba besi m'nyimbo zambirimbiri za kampani ya Motown ku Detroit m'zaka za m'ma 1960, ankaimba nsambo zosalala zonenepa za La Bella, ndipo sankazisintha pokhapokha ikaduka. Paul McCartney wa The Beatles anali nazo pa gitala yake ya Höfner. Aston Barrett, yemwe ankaimbira Bob Marley ndipo anamwalira m'chaka cha 2024, anamanganso besi ya rege pa nsambo zosalala. Pali wina amene amandiseketsa, Steve Harris wa gulu la Iron Maiden. Iyeyu amaimba zosalala, koma amazisintha pafupipafupi chifukwa amafuna kulira kwachitsulo kumene nsambozi zimakhala nako zikakhala zatsopano. Musaiwale mfundo imeneyi, tiipezanso kutsogoloku: nsambo yosalala yatsopano ndi yakale ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Ubwino wake m'tchalitchi ngwoonekeratu. Sizilira kwee chala chikamayenda, sizidya zala, sizidya mafureti, kutanthauza tizitsulo todutsa pa khosi la gitala pamene timadinapo, ndipo litsiro sililowa msanga m'kati chifukwa mulibe mipata. Seti imodzi imatha zaka. Kuipa kwake nkwakuti zimadula kuposa zokhakhala ndipo sizipezeka m'sitolo iliyonse. Gitala ya kwaya yathu inalandira seti yotere kuchokera kwa munthu wina wakufuna kwabwino. Sabata yoyamba anzanga ena anati nzoonongeka, ati yaikuluyo njakufa ndipo yaing'onoyo njamtundu wina, tizichotse. Tikadatero tikadataya mphatso yabwino. Chimenechi ndicho chinandipangitsa kufufuza nkhaniyi.

WANSEMBE AMENE ANAYEZA NSAMBO

Mwina simudziwa kuti malamulo a kaliridwe ka nsambo amatchedwa ndi dzina la wansembe. Bambo Marin Mersenne, wa ku France, anabadwa m'chaka cha 1588 ndi kumwalira mu 1648. Anaphunzira pa sukulu ya Ajezuiti ya La Flèche, kenaka analowa chipani cha Minims. M'buku lake la Harmonie universelle la m'chaka cha 1636 anafotokoza zinthu zitatu zimene zimalamula liwu la nsambo. Nsambo ikatalika, liwu limatsika. Ikakungika kwambiri, liwu limakwera. Ikalemera, liwu limatsika. Aliyense amene anaonapo babatoni akudziwa zimenezi ngakhale sanamvepo za Bambo Mersenne: woimba amayendetsa botolo pa nsambo kuti aifupikitse kapena kuitalikitsa. Kungoti babatoni ya nsambo imodzi ilibe vuto lathuli, pakuti nsambo imodzi singakangane ndi inzake.

Liwu limachokera ku kunjenjemera kwa nsambo, ndipo timaliyeza powerenga kuti yanjenjemera kangati pa sekondi imodzi. Muyeso umenewu m'Fizikisi timautcha Hertz. Nsambo za besi, kuyambira yaikulu, ndi E, A, D ndi G. Osadina paliponse, E imanjenjemera ka 41.2 pa sekondi, A ka 55, D ka 73.4, ndipo G ka 98. Zonse zinayi nzotalika mofanana, pa magitala ambiri mainchesi 34, omwe ndi masentimita pafupifupi 86. Tsono popeza kutalika nkofanana, kusiyana kwa mau kuyenera kuchokera ku kulemera ndi kukungika basi.

Apa ndikupempha anzanga a Fomu 3 atenge pensulo. Opanga nsambo amayeza kunenepa kwake pogawa inchi imodzi m'zigawo 1,000. Mukaona paketi yolembedwa 45-65-85-105, ndiye kuti G njonenepa zigawo 45, omwe ndi mamilimita 1.14, ndipo E njonenepa zigawo 105, omwe ndi mamilimita 2.67. Malinga ndi malamulo a Bambo Mersenne, kuti nsambo zikungike mofanana, mukachulukitsa kunenepa kwa nsambo ndi nambala ya kunjenjemera kwake, yankho liyenera kufanana pa nsambo zonse. Tiyeni tiyese. G: 98 kuchulukitsa ndi 45 ndi 4,410. D: 73.4 ndi 65 ndi 4,771. A: 55 ndi 85 ndi 4,675. E: 41.2 ndi 105 ndi 4,326. Mwaona? Sizikufanana. Ndipo kukungika kwenikweni kumatsata nambalazi zikachulukitsidwa ndi zokha, kotero kuti kusiyanako kumakula. D imapezeka yokungika kuposa E ndi gawo limodzi mwa magawo asanu. Masamuwa ngongoyerekeza, poti m'kati mwa nsambo opanga amasiyanitsa kukula kwa mtima ndi kakulungidwe, koma chithunzi chake nchoona: pa seti wamba D ndiyo yolimba kuposa zonse ndipo E, imene imaoneka yoopsa, ndiyo yolendewera.

Kuti zifanane, nsambo iliyonse iyenera kunenepa kuposa inzake yaing'ono ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Kuyambira pa 45 timapeza 60, kenaka 80, kenaka 107. Nditapeza manambalawa ndinadabwa kumva kuti kampani ya D'Addario imagulitsadi seti ya 45-60-80-107, ngakhale kuti imeneyo njokhakhala. Pakati pa zosalala pali kusiyana kwakukulu. Za Thomastik-Infeld za ku Vienna zimakhala 43-56-70-100. Mukawerengera mupeza kuti A ndiyo yofewa kuposa zonse, ndipo oimba ena amadandaula nayo pamene ena amazikonda chifukwa sizitopetsa zala. Zonenepa zija za La Bella, za mtundu umene Jamerson ankaimba, ndi 52-73-95-110. Pamenepo G, D ndi A zimadutsa 5,000 zonse koma E imangofika 4,532.

Kodi kukungikaku kumachita chiyani ku khutu? Nsambo yolendewera mukaikoka imayenda mtunda waukulu, imatulutsa chiphokoso chachikulu poyamba koma chosalongosoka, ndipo imagunda mafureti msanga. Yokungika imayenda pang'ono ndipo liwu lake limatuluka lolunjika. Chala chimodzimodzi, mphamvu imodzimodzi, koma zotuluka nzosiyana.

Bambo Mersenne anazindikiranso chinthu china chofunika kwambiri pa nkhani yathu. Anamva kuti nsambo imodzi ikalira situlutsa liwu limodzi lokha. Pali liwu lalikulu, limene ndilitche tsinde, ndipo pamwamba pake pali timau tina tating'ono, timene nditche nthambi. Pa nsambo ya E tsinde ndi 41.2, nthambi yoyamba ndi 82.4, yachiwiri 123.6, yachitatu 164.8, n'kumapitirira choncho. Nthambizi ndizo zimasiyanitsa liwu la gitala ndi la limba ngakhale zikuimba noti imodzi. Pa nsambo yosalala kalamba kachitsulo kaja kamakhudzana m'mbali, ndiye nsambo ikamanjenjemera zigawozo zimakhulana ndi kupha nthambi za pamwamba. N'chifukwa chake liwu lake nlozizira, lakuya, losathwanima. Koma kuphako sikufanana pa nsambo zonse. E, kuti ifike kunenepa kwake, imakulungidwa kangapo, chitsulo pamwamba pa chinzake, motero imataya nthambi zambiri. G njopyapyala, chokulunga chake nchochepa, motero imatsala ndi nthambi zake zambiri, makamaka ikakhala yatsopano. Apa ndiye pagona gwero la dandaulo la anzanga lija. Seti sinali yoonongeka. Ndi mmene nsambo zosalala zimabadwira.

KHUTU, SIPIKA NDI NYUMBA

Ngakhale nsambo zikadatuluka mofanana, khutu silikadazimva mofanana. M'chaka cha 1933 Harvey Fletcher ndi Wilden Munson a ku Bell Laboratories ku America anaonetsa kuti khutu la munthu silimva bwino mau otsikitsitsa, makamaka akakhala osafuula. Munthu amamva kuyambira pa Hertz pafupifupi 20, ndiye kuti 41 ali pafupi ndi malire. Kuti tsinde la E limveke mofanana ndi la G, liyenera kutuluka ndi mphamvu yochuluka ndithu.

Nayonso sipika ili ndi malire ake. Ampulifaya yaing'ono ngati zimene makwaya ambiri ali nazo imalephera kutulutsa 41 mokwanira. Nanga bwanji timamvabe besi ngakhale pa kawailesi kam'manja? Chifukwa ubongo ukamva nthambi zija, 82, 124, 165, umadziwa tsinde lake ndipo umaliika wokha. Anyamata oimba besi m'kwaya, amene mau awo otsika amathera cha pa 82, amatsatiranso nthambizo. Tsono taonani tsoka la E yosalala: tsinde lake sipika ikulephera kulitulutsa, khutu likulephera kulimva, ndipo nthambi zoti zithandize zaphedwa kale. G ilibe mavuto onsewa.

Chomaliza ndi nyumba. Mau amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi. Mukagawa 343 ndi 41.2 mupeza kuti funde limodzi la E nlotalika mamita oposa 8, pamene la G ndi mamita 3.5. Mafunde aatali choterewa akagunda khoma la njerwa ndi simenti ya pansi amabwerera ndi kukumana ndi anzawo. Pena amaonjezana, pena amaphana. Munthu angaime pamalo pamene E ikugwedeza mawindo, n'kusuntha mapazi asanu okha osaimvanso. Ampulifaya ikaikidwa pa ngodya ya nyumba mau otsika amakula kwambiri. Pa chifukwa chimenechi woimba besi, amene amakhala pafupi ndi ampulifaya, ndiye munthu womaliza woyenera kuweruza ngati gitala ikumveka bwino.

MMENE TINGAZIGWIRIZANITSIRE

Kuyesa kumafuna anthu awiri. Wina aimbe, wina akaime kumbuyo kwa tchalitchi atafulatira kuti asaone zala. Woimba aimbe noti imodzi pa nsambo ziwiri zoyandikana. Noti ya C ili pa fureti 8 ya nsambo ya E komanso pa fureti 3 ya nsambo ya A. Noti ya F ili pa fureti 8 ya A ndi pa fureti 3 ya D. Chimodzimodzi fureti 8 ya D ndi fureti 3 ya G zimapereka noti imodzi. Womverayo anene zinthu ziwiri: iti yafuula kuposa inzake, ndipo iti yathwanima kuposa inzake. Musasakanize mafunso awiriwa, chifukwa mankhwala ake ngosiyana. Nsambo yothwanima kawirikawiri imanamiza khutu ngati yofuula.

Mankhwala oyamba ndi nthawi. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Nsambo zosalala zatsopano zimafuna masabata angapo, mwina miyezi, zikuimbidwa tsiku ndi tsiku. Thukuta ndi mafuta a m'zala zimazimitsa kuthwanima kwa G ndi D, mpaka zimatsikira pafupi ndi A ndi E. Pamenepo ndi pamene seti imayamba kumveka ngati banja limodzi, ndipo ikafika pamenepo imakhalitsa. Ndicho chimene Jamerson ankakanira kusintha nsambo zake. Ine ndimalangiza anzanga kuti pophunzira pawokha azilimbikira kuimba pa G ndi D, poti m'nyimbo za m'tchalitchi zala zimakhalitsa pa E ndi A, ndiye ziwirizi zimakalamba msanga zinzake zikadali zatsopano. Oimba ena amawiritsa nsambo zokhakhala m'madzi kuti zibwerere mwakale. Zosalala musaziwiritse. Mungaononge ulusi wa m'mapeto mwake, komanso mukhala mukuchotsa chinthu chimene mwachidikira miyezi.

Komabe E ikakhala yakuferatu, yosalira ngakhale sekondi ziwiri, onani mmene inamangidwira. Nsambo ikapotoka pomanga, mtima ndi chokulunga zimalimbana ndipo liwu limafa. Imasuleni, muilole itembenuke yokha kumunsi mpaka iwongoke, n'kuikunganso. Mukatero dinani ndi chala chachikulu pamene nsambo yakhala pa kachitsulo ka kumunsi kotchedwa bridge, kuti ipindike bwino pamenepo. Nsambo yonenepa yosalala njouma, siipinda yokha, ndipo ikangodutsa mokhota ngati uta siidziwa pamene kutalika kwake kwathera. Onaninso kumutu kwa gitala. Mbali yopyapyala yokutidwa ulusi ndiyo yokha iyenera kuzungulira pa chokungira. Mbali yonenepa yachitsulo ikazungulira pamenepo, kalamba kaja kamatseguka ndipo nsambo imatha kuduka. Choncho pogula muziyeza kutalika kwa gitala yanu, chifukwa pali magitala ena aafupi a mainchesi 30.

Tsopano tifike pa chida chimene ine ndimachiona chofunika kuposa zonse, chomwe ndi sikuludiraiva. Pansi pa nsambo pali kabokosi kotchedwa pikapu. Makolo musaganize za galimoto ayi. M'kabokosimo muli maginito okulungidwa ndi waya wamkuwa wopyapyala ngati tsitsi. Nsambo yachitsulo ikanjenjemera pamwamba pa maginito, m'wayamo mumabadwa magetsi ochepa amene ampulifaya imawakuza. Ndi lamulo lomwe lija limene Michael Faraday anatulukira m'chaka cha 1831. Nsambo ikayandikira maginito, magetsi amachuluka ndipo imafuula. Ikatalikira imachepa mphamvu. Pikapu imakhala pa masikuluwu, choncho tingathe kukweza mbali ina ndi kutsitsa ina.

Kuyeza kwake nkotere. Dinani nsambo pa fureti yomaliza, muyeze mpata pakati pa nsambo ndi pikapu. Poyambira pabwino ndi mamilimita pafupifupi 3 ku mbali ya E ndi 2 ku mbali ya G, chifukwa E imayenda mtunda waukulu. Kuchoka pamenepo khutu la mnzanu wa kumbuyo uja ndilo lilamule. Ngati G ikukuwa, tsitsani mbali yake potembenuza sikuluwu theka la kuzungulira, muyesenso. Ine ndimakonda kutsitsa yofuulayo kusiyana ndi kukweza yofookayo, chifukwa maginito akayandikira kwambiri amakoka nsambo ndipo liwu limayamba kugwedera ngati noti ziwiri zikulimbana. Gitala ya mtundu wa Precision, kuyambira m'chaka cha 1957, ili ndi pikapu yogawika pawiri, theka pansi pa E ndi A, theka pansi pa D ndi G, ndipo theka lililonse lili ndi masikuluwu awiri. Ndiye kuti nsambo iliyonse ili ndi sikuluwu yakeyake. Ya mtundu wa Jazz Bass, imene inatuluka mu 1960, ili ndi mapikapu awiri aatali owongoka. Popeza nsambo zimakhala mokhota kutsata khosi la gitala, A ndi D zimatalikira maginito kuposa za m'mbali, ndipo nthawi zina zimamveka zofooka. Pamenepo mungatsitse pang'ono A ndi D pa bridge, malinga zisayambe kugunda mafureti.

Ndichenjezepo za khosi. Nsambo iliyonse imakoka ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa makilogalamu pafupifupi 20, ndipo zosalala zonenepa zimaposa pamenepo. Mukachotsa zopyapyala n'kuika zonenepa, khosi limapindika ndipo nsambo zimakwera. M'kati mwa khosi muli ndodo yachitsulo yoliwongolera, koma imeneyo ikathyoka gitala yatha. Anzanga, ndodo imeneyo musaikhudze popanda chilolezo cha Bambo oyang'anira kwaya ndi munthu wodziwa.

Za mabatani a pa ampulifaya ndinena mwachidule, ngakhale ndi pamene ambiri amathamangira. E ikasowa, dzanja limapita pa batani lolembedwa Bass. Kutero kumangoonjeza chigulumo chimene chimadzaza nyumba koma noti osamveka, ndipo sipika yaing'ono imatha kung'ambika. Kumbukirani kuti chimene chikusowa ndi nthambi. Kwezani pang'ono batani la pakati lolembedwa Mid, mutsitse la Treble kapena la Tone la pa gitala kuti G izizire, ndipo Bass muisiye pakatikati. Chotsaninso ampulifaya pa ngodya, muiike pa mpando ngati simenti ikugulumitsa.

Chotsala ndi dzanja, ndipo palibe sikuluwu imene ingalowe m'malo mwake. Mukakoka nsambo pafupi ndi bridge nthambi zimachuluka ndipo liwu limathwa. Mukakoka pafupi ndi khosi liwu limanenepa ndi kuzizira. Motero woimba wanzeru amakoka E chakumunsi pang'ono, ndipo akapita ku G amasuntha dzanja chakukhosi ndi kukoka ndi mnofu wa chala, osati nsonga. Masentimita atatu kapena anayi amakwana. Palinso nzeru yosankha malo. Noti iliyonse ya pa G imapezekanso pa D mafureti asanu kutsogolo, ndipo pamenepo imamveka yonenepa. M'nyimbo zodekha za pa nthawi ya Komunyo ine ndimalewa G kotheratu, ndimakwera ndi khosi pa A ndi D. M'nyimbo zovina za pa zopereka ndi za kuthokoza, pamene ng'oma ndi zisekese zachuluka, kuthwanima kwa G kumathandiza kuti besi idutse. Pa magitala ambiri a mtundu wa Fender pali malo ena pa nsambo ya G, pakati pa fureti 5 ndi 7, pamene noti imafa msanga. Vuto limeneli si la nsambo. Thabwa la khosi limanjenjemera pa liwu lomwelo ndi kumeza mphamvu yake, ndiye ngakhale musinthe nsambo kakhumi silichoka. Noti zomwezo muzipeza pa nsambo ya D, fureti 10 mpaka 12.

Pomwe pamavuta kwenikweni kwa ife ndi pamene nsambo imodzi yaduka. Nthawi zambiri imene ingapezeke msanga m'tauni njokhakhala, ndipo G yokhakhala yatsopano pakati pa zosalala zitatu za zaka ziwiri imamveka ngati mlendo wofuula pa maliro. Ngakhale yosalala yatsopano ya kampani yomweyo imafuna miyezi kuti ifanane ndi zinzake. Ngati palibe kuchitira mwina, ikani yomwe yapezekayo, mutsitse pikapu ku mbali yake, ndipo mulowetse kachidutswa ka siponji pansi pa nsambo imeneyo pafupi ndi bridge kuti kaphe nthambi zake. Nzeru imeneyi si yachilendo: magitala akale a Fender ankabwera ndi siponji yotere pansi pa chivundikiro cha kumunsi. Koma choposa zonse, tsiku limene mudzamange seti yatsopano, yakaleyo musataye. Ipukuteni ndi kansalu kouma, muipinde mozungulira mosaithyola, mulembe pa envelopu kuti iyi ndi E, iyi A, iyi D, iyi G, muisunge m'kabati ya ku sakristiya kutali ndi chinyontho. G yakale ya mu envelopu imagwirizana ndi zinzake tsiku lomwelo.